Momwe mungathandizire mwana wa Sitandade 5 mpaka 8 pa galamala ya Chingerezi pakhomo

Mwana akangolowa Sitandade 5, Chingerezi chimasiya kukhala phunziro wamba, chimasanduka chiyankhulo chimene amaphunzirira masamu, sayansi ndi zina zonse kupatula Chichewa. Pa mayeso a PSLCE, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB lomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, mapepala onse amafunsidwa m'Chingerezi kupatula la Chichewa lokha. Ndiye mwana amene sazindikira kuti kamawu koti "except" kapena "not" katembenuza funso lonse, amataya malikisi ngakhale pa zinthu zimene amazidziwa bwinobwino.

Mabuku amene a Malawi Institute of Education ku Domasi amakonzera sukulu zathu ali ndi galamala yokwanira. Chimasowa ndi nthawi yoyeserera. M'kalasi ya ana ochuluka, kaya m'tauni kaya ku Jali kapena ku Mayaka, mphunzitsi sangakwanitse kumva mwana aliyense akupanga chiganizo chake, ndipo makope oti achonge amakhala mulu. Apa ndi pomwe kholo, mkulu wake wa mwanayo amene ali ku sekondale, kapena azakhali angalowererepo.

Dziwani ichi musanayambe. Ana athu salakwitsa Chingerezi mwachisawawa. Amalakwitsa pamalo omweomwewo, pomwe Chichewa, kapena Chiyao ndi Chilomwe kwa ena, chimayenda mosiyana ndi Chingerezi. Mwana akhoza kuloweza tanthauzo la dzina, mneni ndi mfotokozi n'kumalilakatula osaphonya, koma ukamuuza kuti alembe zimene wachita m'mawa uno, ziganizo zisanu zokha, zinayi n'zokhota. Malangizo awa akulunjika pamalo okhotawo.

Gawo loyamba: kope ndi nthawi

Gulani kope limodzi loti likhale la ntchito iyi yokha, asalisakanize ndi la kusukulu. Masamba a kutsogolo ndi olembamo ziganizo. Masamba anayi kapena asanu a kumapeto muwasunge, mudzaona ntchito yake m'gawo lachisanu ndi chiwiri. Buku la Chingerezi la kalasi yake likhale pafupi ngati lilipo, ngakhale lobwereka.

Mphindi 20 patsiku n'zokwanira. Ndibwino kukadali kowala, atadya ndi kupumako pang'ono, kusiyana ndi usiku pomwe magetsi angathime mwana ali kale ndi tulo. Maola awiri Loweruka lokha sapindula ngati mphindi zochepa za tsiku ndi tsiku.

Gawo lachiwiri: muone kaye pomwe pakuvuta

Tsiku loyamba musaphunzitse kalikonse. Muuzeni alembe ziganizo 10 zofotokoza zimene anachita dzulo, kuyambira podzuka mpaka pogona. Musamuthandize, musamudzudzule, ngakhale mukuona cholakwa chikulembedwa maso muli gwa. Akamaliza werengani nokha, ndipo muwerenge kuti cholakwa chilichonse chabwerezedwa kangati. Mwina mupeza kuti aneni onse ali mu nthawi ya tsopano pomwe nkhani ndi ya dzulo. Mwina "he" ndi "she" akusinthanasinthana. Chimene chaoneka kambiri ndicho muyambe nacho, ndipo mukhale pomwepo sabata yathunthu musanapite pa china. Kwa ana ambiri chikhala nthawi za aneni.

Gawo lachitatu: nthawi za aneni

Apa khalanipo ndithu, chifukwa theka la ntchito yonse lili pano. Mwayi wake ndi woti mwana amazidziwa kale nthawizi m'Chichewa, kungoti sanazilabadire. Lembani mneni mmodzi wa Chichewa kasanu ndi kamodzi, mukusintha kamphatikiram'kati kokha, kenako muike Chingerezi chake pambali:

Chikondi amagulitsa matemba: "Chikondi sells matemba."
Chikondi akugulitsa matemba: "Chikondi is selling matemba."
Chikondi anagulitsa matemba: "Chikondi sold matemba."
Chikondi ankagulitsa matemba: "Chikondi used to sell matemba" kapena "was selling matemba."
Chikondi wagulitsa matemba: "Chikondi has sold matemba."
Chikondi adzagulitsa matemba: "Chikondi will sell matemba."

Mwana aone ndi maso ake kuti -ma-, -ku-, -na-, -nka- ndi -dza- aliyense ali ndi mnzake m'Chingerezi. Kenako mumupatse mneni wina, monga kutunga, kusesa kapena kupalasa, apange yekha mzere womwewo. Ayambe kunena pakamwa asanalembe. Khutu likazolowera, dzanja silivuta.

Akagwira zimenezi, yambani masewera a dzulo, lero ndi mawa. Inu mutchula chiganizo cha lero, "I go to the maize mill", kenako mukuwa kuti "yesterday", iye ayankhe msanga "I went to the maize mill". Mukuwa "tomorrow", iye "I will go to the maize mill". Masewerawa safuna kope. Mukhoza kuchita mukutokosa moto kapena mukuyenda kupita ku msika wa Mpondabwino.

Pali misampha itatu imene Chichewa chimatchera apa.

Woyamba: ife timati "ndikudziwa", "ndikufuna", "ndikumva", zonse ndi -ku-. Mwana amene wangophunzira kuti -ku- amayenda ndi "-ing" alemba "I am knowing the answer". Si kulakwa kwa umbuli kumeneku, watsatira lamulo mwanzeru, kungoti Chingerezi chili ndi aneni ena amene kawirikawiri satenga "-ing": "know", "want", "like", "understand", "believe", "belong", ndi "have" akamatanthauza kukhala ndi chinthu. Alembe mndandanda umenewu, ndipo apange chiganizo ndi mneni aliyense. "I have two brothers", osati "I am having two brothers".

Wachiwiri: pocheza timanena kuti "wabwera dzulo" popanda wodabwa. M'Chingerezi, ukangotchula nthawi imene inatha, monga "yesterday", "last week" kapena "in 2020", "has" ndi "have" saloledwanso. "He came yesterday." Koma ndi "already", "just", "yet", "since", pamenepo "has come" ndiye malo ake.

Wachitatu ndi aneni osatsata lamulo la "-ed". Awa palibe kuchitira mwina, ayenera kulowezedwa, koma musamupatse mndandanda wa 100 motsatira alifabeti monga momwe umakhalira kumapeto kwa mabuku. Aikeni m'magulu a omveka mofanana. Gulu lina: "sing, sang, sung", "ring, rang, rung", "drink, drank, drunk", "swim, swam, swum", "begin, began, begun". Gulu lina: "buy, bought", "bring, brought", "think, thought", "catch, caught", "teach, taught". Gulu losasintha konse: "cut", "put", "hit", "shut". Gulu limodzi pa masiku awiri kapena atatu, aziimba ngati kanyimbo ndi kuwomba m'manja ngati akufuna. Mawu achitatuwo, "sung", "drunk", "begun", asawanyalanyaze, adzawafuna kwambiri mu Sitandade 7 ndi 8.

Gawo lachinayi: mwininkhani ndi mneni wake

Chichewa chili ndi "iye" mmodzi wa mwamuna ndi mkazi yemwe. N'chifukwa chake ngakhale akuluakulu ophunzira amatha kunena "my wife, he is at home" pakamwa pakathamanga. Njira yake ndi yosavuta. Tchulani anthu a pakhomo ndi a pafupi mmodzimmodzi, mwana ayankhe ndi chiganizo: mukati agogo aakazi, iye "She keeps chickens", mukati amalume, iye "He rides a bicycle". Kenako muonjezere "his" ndi "her", "him" ndi "her". Chitani mofulumira, chifukwa cholakwachi chimatuluka pothamanga, osati polemba modekha.

Chinanso chimachokera ku ulemu wathu. Timati "amayi akuphika", kuchulukitsa munthu mmodzi pomulemekeza. Mwana woleredwa bwino amachita manyazi kutchula mayi ake "she", ndiye amalemba "My mother they are cooking". Mufotokozereni kuti m'Chingerezi munthu mmodzi ndi mmodzi basi, kaya ndi mfumu kaya ndi khanda, ndipo "she is cooking" si mwano. Chofanana nacho ndi kubwereza mwininkhani, "My brother he is sick". Mu "akudwala" muli kale "a-" woimira munthuyo, ndiye mwana amafuna kumuikanso m'Chingerezi. Asankhe chimodzi: "My brother is sick" kapena "He is sick".

Tsopano "s" uja wovuta. Pa dzina, "s" amasonyeza zambiri. Pa mneni, "s" amasonyeza kuti wochitayo ndi mmodzi. Ana amasokonezeka pomwepa. Auzeni kuti "s" ali ngati njinga imodzi pakhomo, akakwera wina mnzake ayenda pansi: "The boy runs", koma "The boys run". "The girl sweeps", koma "The girls sweep". Akazolowera, muonetseni maina amene ndi ochuluka popanda "s", monga "children", "people", "men", "women", "feet", komanso kuti "I" ndi "you" satenga mneni wa "s". Mu Sitandade 8 onjezani "everyone", "nobody", "each" ndi "neither of them", zimene zimatenga mneni wa chinthu chimodzi ngakhale zikumveka ngati gulu. Ofunsa mayeso amazikonda zimenezi.

Gawo lachisanu: mafunso ndi kukana

Ife tikafuna kufunsa timangoika "kodi" kutsogolo, kapena kukweza mawu, chiganizo osasintha. Chingerezi chimasuntha mawu. "You are going" amakhala "Are you going?", ndipo "Where you are going?" ndi cholakwa ngakhale chimamveka tsiku lililonse pa siteji ya minibasi.

Pomwe palibe "is", "are", "can", "will" kapena "have" woti asunthidwe, pamabwera "do", "does" kapena "did". Lamulo loti mwana aligwire ndi ili: "did" akalowa, wanyamula kale nthawi yakale, mneni abwerere pa tsinde lake. "Did you go?", osati "Did you went?". "She did not eat", osati "She did not ate". Chimodzimodzi "does" amalanda "s": "Does he play?".

Poyeserera, musinthane maudindo. Inu nenani yankho, iye apeze funso lake. Mukati "I bought the bananas at Songani", iye afunse "Where did you buy the bananas?". Mukati "They cost five hundred kwacha", iye "How much did they cost?". Njira iyi ndi yabwino kuposa kumufunsa inu nthawi zonse, chifukwa mwana wa sukulu amakhalira kuyankha, mpata wofunsa m'Chingerezi saupeza kawirikawiri.

Samalaninso ndi funso lokana. Munthu akakufunsa kuti "sunadye?" iwe usanadyedi, umati "eya". M'Chingerezi, "Didn't you eat?" yankho lake ndi "No, I didn't". "Yes" amayenda ndi "I did" basi, "No" ndi "I didn't". Palibe "Yes, I didn't".

Timafunso ta kumapeto kwa chiganizo timabwera pa mayeso kawirikawiri, ndipo ndi malikisi osavuta kutola. Ife tili ndi "eti?" kapena "si choncho?" wokwanira paliponse, n'chifukwa chake ana amamata "isn't it?" pa chiganizo chilichonse. Aphunzire masitepe atatu. Apeze mneni wothandizira m'chiganizomo. Ngati chiganizo chikuvomera, kafunso kakane, ngati chikukana, kafunso kavomere. Amalize ndi mlowam'malo woyenera. "Mphatso can swim, can't he?" "The girls did not come, did they?" Ngati mneni wothandizira palibe, abwereke "do", "does" kapena "did": "She sells rice, doesn't she?". Awiri awa ndi oti angoloweza: "I am late, aren't I?" ndi "Let us go, shall we?". Ndipo mawu monga "never", "hardly" ndi "seldom" amawerengedwa ngati kukana: "He never cries, does he?".

Gawo lachisanu ndi chimodzi: timawu ting'onoting'ono

"A", "an" ndi "the" alibe anzawo m'Chichewa, ndiye mwana amangowasiya kapena kuwamwaza paliponse. Yambani ndi "a" ndi "an", ndipo mutsindike kuti chofunika ndi kamvekedwe ka mawu otsatirawo, osati chilembo: "an egg", "an umbrella", "an hour", koma "a uniform", "a university". Kenako kankhani ka ziganizo ziwiri: chinthu chikatchulidwa koyamba ndi "a", chikabwerezedwa ndi "the". "I saw a monkey on the road to Ku Chawe. The monkey was eating a banana." Pa maina a malo, mitsinje imatenga "the", monga "the Likangala River", koma nyanja yoyamba ndi "Lake" ayi: "Lake Chilwa", "Lake Malawi". Mizinda ndi maboma nawonso ayi. Musayembekezere kuti izi zitheka sabata imodzi. Zimalowa pang'onopang'ono kudzera m'kuwerenga.

Maina osawerengeka ayeserereni kumsika kapena kukhitchini, ndi zinthu zenizeni m'manja. "Rice", "sugar", "flour", "water", "salt", "firewood" satenga "s" ndipo satenga "a". Pofuna kuwerenga timatchula muyeso: "a bag of maize", "a pail of rice", "a packet of sugar", "a bundle of firewood", "a heap of tomatoes", "a bunch of bananas". Mwana akhale wogulitsa, inu wogula, mufunse "How much" ndi "How many" mosinthasintha. Pambuyo pake muonjezere amene saoneka ndi maso koma amakola ambiri: "advice", "information", "furniture", "luggage", "news". Kulibe "advices" kapena "furnitures", ngakhale mwina mwaziwerengapo pa zikwangwani za m'tauni.

Aperekezi nawo ndi nkhani ya "ku" wathu mmodzi amene amagawika patatu. "Ndikupita ku Zomba" ndi "to Zomba". "Ndimakhala ku Zomba" ndi "in Zomba". "Ndili ku sukulu" ndi "at school". Pa nthawi: "at" ndi ola, "on" ndi tsiku, "in" ndi mwezi kapena chaka. Tsiku la ufulu wa dziko lathu limaphunzitsa ziwiri nthawi imodzi: "on 6 July" koma "in 1964". Ena ndi ongoloweza pamodzi ndi mawu awo: "afraid of", "good at", "interested in", "on foot", "by bicycle". Palinso aneni osafuna mperekezi konse, "discuss", "reach", "enter", ndipo "go home" alibe "to".

Ndisaiwale "borrow" ndi "lend". Wolandira ndiye amachita "borrow", wopereka amachita "lend". "Borrow me your pen" imamveka m'kalasi iliyonse, koma yoyenera ndi "Lend me your pen" kapena "May I borrow your pen?".

Kamodzi pa sabata chitani lembetso la mphindi zisanu. M'Chichewa "l" ndi "r" sasintha tanthauzo la mawu, ndipo tili ndi malembo a liwu asanu okha, ndiye khutu la mwana silisiyanitsa "play" ndi "pray", "glass" ndi "grass", "collect" ndi "correct", "live" ndi "leave", "this" ndi "these". Musatchule mawu paokha, aikeni m'chiganizo kuti tanthauzo limuthandize: "We pray in church", "We play at the ground".

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kachongedwe

Apa ndi pomwe ambiri amaononga ntchito yabwino. Mukadzaza tsamba ndi bolopeni yofiira, mwana amangoona kuti walephera, satolapo kanthu. Chongani cholakwa cha mtundu umene mukuphunzira sabata imeneyo, zina muzilekerere kaye ngakhale zikukuyabwani. Ndipo musalembe yankho. Dulani mzere pansi pa mawu olakwikawo, mumubwezere kope, apeze yekha chavuta. Akalephera kawiri, ndiye mumuthandize.

Chiganizo chilichonse chimene walakwitsa achilembe kumasamba a kumapeto aja, cholakwika kumanzere, chokonzedwa kumanja. Lachisanu lililonse phimbani mbali ya kumanja ndi pepala, akonzenso pakamwa. Chimene wakhoza masabata awiri otsatizana muchidule ndi mzere, chatha. Masamba amenewa amasanduka buku la galamala la mwana ameneyo yekha, loposa lililonse logula chifukwa muli zake zokhazokha zimene zimamugwetsa.

Nanga kholo limene Chingerezi chake n'chochepa? Ntchito ilipo yambiri ndithu. Mukhoza kusunga nthawi ndi kuonetsetsa kuti kope latsegulidwa. Mukhoza kutchula ziganizo za Chichewa, iye azimasulira. Mukhoza kumuuza kuti akuwerengereni mokweza zimene walemba, kenako akufotokozereni m'Chichewa, ndipo nthawi zambiri powerenga mokweza mwana amadzigwira yekha. Zochonga mupemphe wachibale wa ku sekondale kapena mnansi, kamodzi pa sabata, kapena mwana apite nalo kope kwa aphunzitsi ake ndi funso limodzi lolunjika. Aphunzitsi ambiri sakana mwana wobwera ndi funso limodzi. Ana atatu kapena anayi a m'dera limodzi akhozanso kumasinthana makope, poti cholakwa cha mnzako chimaoneka msanga.

Musamuseke, ndipo azibale ake asamuseke. Mwana wosekedwa chifukwa cha "he goed" amangotseka pakamwa, ndipo wotseka pakamwa sayeserera. Ine sindigwirizananso ndi zoletsa Chichewa pakhomo kuti mwana adziwe Chingerezi. Mwaona kale m'magawo apitawa kuti Chichewa chake ndicho tikukwerapo pomufotokozera, komanso nacho chili ndi pepala lake pa mayeso.

Gawo lachisanu ndi chitatu: za Sitandade 7 ndi 8

Mwana wa Sitandade 5 kapena 6 angathe kuima pa zimene zili pamwambazi. Wamkulupo aonjezere izi.

Kutembenuza chiganizo kuti wochitiridwa akhale patsogolo si kwachilendo kwa ife. "Galu waluma mwana" timati "mwana walumidwa ndi galu". Ntchito ya -idwa ndi -edwa m'Chingerezi imagwiridwa ndi zinthu ziwiri: "is", "was", "has been" kapena "will be", kuphatikiza mawu achitatu a mneni aja analoweza. Nthawi ya chiganizo isasinthe. "The dog bit the child" akhala "The child was bitten by the dog". "The dog is chasing the goat" akhala "The goat is being chased by the dog", ndipo "being" ameneyu ndi amene ana amaiwala. Mbiri ya mzinda wathu ikupatsani zitsanzo zokoma: "The capital was moved from Zomba to Lilongwe in 1975." Mufunseni chifukwa chake chiganizochi sichinatchule wochita, akambirane nanu.

Kufotokoza zimene wina wanena kumavuta chifukwa ife sitibweza nthawi m'mbuyo. Timati "ananena kuti ali ndi njala". Chingerezi cha pa mayeso chimafuna kuti "I am hungry" asanduke "She said that she was hungry". Zinthu zitatu zimasintha: mlowam'malo, nthawi ya mneni imabwerera sitepe imodzi, ndi mawu a nthawi ndi malo. "Today" akhala "that day", "tomorrow" akhala "the following day", "yesterday" akhala "the previous day", "here" akhala "there", "will" akhala "would". Funso likafotokozedwa limataya maonekedwe a funso: "Where do you live?" akhala "He asked me where I lived". Yeserani ndi mauthenga enieni a pakhomo. Mutumeni kwa abambo ake kapena kwa mkulu wake, akabwera anene m'Chingerezi zimene wauzidwa, kuyamba ndi "Father said that".

Afotokozi kwathu amabwera pambuyo pa dzina, "nyumba yaikulu yoyera". M'Chingerezi amatsogola, ndipo ali ndi ndondomeko: maganizo a wonenayo, kukula, msinkhu, maonekedwe, mtundu, kochokera, chopangira, ntchito yake. "A beautiful small brown wooden chair." Palibe munthu amayankhula ndi afotokozi asanu ndi atatu nthawi imodzi, ndiye yeserani ndi awiri kapena atatu pa zinthu za m'nyumba: ndowa, mpando, chitenje.

Pa ziganizo zolumikiza, yambani ndi "who" wa anthu, "which" wa zinthu, ndi "whose" wa umwini. Mupatseni ziganizo ziwiri azilumikize. "The man is my uncle. He repairs bicycles at Chinamwali." Zikhala "The man who repairs bicycles at Chinamwali is my uncle." Aonetsetse kuti "he" wachoka, chifukwa "who he repairs" ndi kubwereza mwininkhani kuja kwabweranso ndi nkhope ina. Pofuna kudziwa mtundu wa kachiganizo kodalira, adzifunse kuti kakuyankha funso lanji. Ngati kakuyankha "uti?" kakugwira ntchito ya mfotokozi. Ngati kakuyankha "liti, kuti, bwanji, chifukwa chiyani?" ndi ka muonjezi. Ngati kakuyankha "chiyani?" ndi ka dzina.

Gawo lomaliza: kulumikiza zonse ndi mayeso

Galamala yoyesereredwa m'tiziganizo tapatokha imatha kuthawa mwana akayamba kulemba nkhani yaitali. Choncho kamodzi pa sabata alembe ndime imodzi kapena ziwiri pa zimene akuzidziwa: ulendo wa ku damu la Mulunguzi, tsiku la msika ku Thondwe, momwe asodzi a ku Kachulu amaumitsira nsomba, mpira wa Lamlungu lapitali. Asanayambe asankhe nthawi, yakale kapena ya tsopano, ailembe pamwamba pa tsamba ndipo akhale momwemo mpaka kumapeto. Ziganizo zikhale zazifupi. Chiganizo chachifupi cholondola chimapata malikisi kuposa chachitali chodzaza ndi mawu akuluakulu osagwirizana. Sabata ina, m'malo mwa chimangirizo alembe kalata, ina ya kwa mnzake, ina ya kwa akuluakulu monga mphunzitsi wamkulu, kuti azolowere pomwe pamakhala keyala, tsiku, malonje ndi mawu otsanzikira. Kalata yoyamba ndi "Dear Sir" kapena "Dear Madam" imatha ndi "Yours faithfully".

Aziwerenganso chilichonse cha Chingerezi chimene chapezeka, nyuzipepala yakale ya The Nation kapena The Daily Times, buku la nthano, ngakhale buku lake la sayansi. Mukhoza kutenga ndime imodzi ya m'nyuzipepala n'kumuuza kuti azungulize aneni onse a nthawi yakale, tsiku lina "a", "an" ndi "the" onse.

Mapepala a mayeso a zaka zapitazo, amene aphunzitsi a Sitandade 8 nthawi zambiri amakhala nawo, muwayambe teremu yachiwiri, osati kale kwambiri. Pa mafunso osankha yankho, musakhutire poti wakhoza. Akuuzeni chifukwa chake mayankho enawo ndi olakwika, popeza wolotera naye amakhoza nthawi zina. Funso lililonse limene waphonya lipite kumasamba a kumapeto kwa kope. Pepala loyamba ndi lachiwiri alembe mosathamanga, otsatirawo mumuikire wotchi molingana ndi nthawi yolembedwa pamwamba pa pepalalo. Kukatsala masabata awiri kuti mayeso ayambe, musayambenso mutu watsopano. Azingobwereza ziganizo zimene sizinadulidwe kumasamba a kumapeto, magulu a aneni aja, ndi kalata imodzi ya mtundu uliwonse.